Abhor ndi Aborrecer: Ana a Mayi Mmodzi, Makhalidwe Awiri

M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Chimbonila kumazizira mpaka mwana wa sukulu amagwira cholembera ndi zala zouma gwa. Derali lili pachitunda chimodzi ndi mzinda wa Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique, ndipo lidakhala boma palokha m'chaka cha 2013. Mwana wa kumeneko akamafika ku sekondale amakhala atasenza kale zilankhulo zingapo. Kunyumba amalankhula Chiyao, kapena Chinyanja ngati makolo ake ndi a kunyanja kapena adakhalako ku Malawi. M'kalasi amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo pamwamba pa zonsezi pamabwera Chingerezi. Tiyerekeze mwana wotereyu akuwerenga ndime ya Chingerezi, n'kukumana ndi liwu lakuti abhor. Sadalionepo, koma nkhope yake si yachilendo. Mumtima akuti: ameneyu ndi aborrecer wathu yemwe uja, wangosintha malaya. Mwanayu wanena zoona, komanso walakwa, ndipo zoonazo ndi kulakwako n'zofunika kuziyeza pa sikelo imodzi.

Tiyambire pamene mwanayu walondola. Chibale ndi fupa, sichiola: mawu awiriwa adabadwadi kwa mayi mmodzi, amene ndi Chilatini. M'chilankhulo chimenecho mudali mneni wakuti abhorrere, wopangidwa ndi zidutswa ziwiri. Chidutswa choyamba, ab, chimanena za kuchoka kapena kutalikira. Chachiwiri, horrere, chimanena za kuima kwa tsitsi ndi kunjenjemera kwa thupi. Mukazilumikiza mumaona chithunzi cha munthu amene waponda njoka m'munda wa chimanga: thupi lachita tsemwe, phazi labwerera m'mbuyo lokha iye asanaganize n'komwe. Abhor wa Chingerezi adachokera mwachindunji kwa abhorrere. Aborrecer wa Chipwitikizi adachokera kwa mng'ono wake wa mneniyo, abhorrescere, amene adali ndi kachidutswa koonjezera kosonyeza kuyambika kwa chinthu. Kachidutswa komweko kamamvekabe kumapeto kwa amanhecer, kucha kwa kunja, ndi anoitecer, kugwa kwa mdima. Choncho pachiyambi mmodzi ankatanthauza kuchita tsemwe, winayo kuyamba kuchita tsemwe. Kusiyana kwawo kudali kochepa ngati kwa mapasa.

Njira zimene adayenda ndizo zidawasiyanitsa. Abhor adalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, atanyamulidwa ndi anthu a zolembalemba: ansembe, oweruza ndi omasulira mabuku. Adapeza pakhomo pali kale eni mudzi, aneni akale a Chingerezi monga hate ndi loathe, amene ankagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kudana ndi kuipidwa. Mlendoyu adapatsidwa mpando wa pabwalo la akulu, ndipo sadatsikepo. Aborrecer sadalowe m'Chipwitikizi ngati mlendo, adakulira momwemo pamene Chilatini chinkasanduka Chipwitikizi m'kamwa mwa alimi, asodzi ndi amayi olera ana. M'zolemba zakale amapezeka atalembedwa avorrecer, umboni wakuti lilime la anthu lidali litayamba kale kumusalaza. Woyambayo adayenda ndi cholembera, wachiwiriyu adayenda ndi pakamwa. Cholembera chimasunga chimene chapatsidwa, pakamwa pamasula chimene palandira mpaka chikwanire ntchito ya lero.

Lero abhor amatanthauza kudana ndi chinthu mochokera pansi pa mtima, chidani chosakanikirana ndi kunyansidwa, makamaka pamene chinthucho chikutsutsana ndi chikumbumtima. Munthu amati amachita abhor nkhanza, ziphuphu, tsankho kapena kupha munthu wosalakwa. Aborrecer, m'kulankhula kwa lero, amatanthauza kutopetsa, kusowetsa mtendere, kukwiyitsa pang'ono. Mvula yosaleka imachita aborrecer, mlendo wosadziwa kutsanzika amachita aborrecer, minibasi ya chapa yochedwa kudzaza pa siteji nayonso imachita aborrecer. Woyambayo akadali ndi tsemwe la njoka ija, wachiwiriyu watsala ndi kuyabwa kwa ntchentche yotera pamphuno. Mitanthauziramawu ya Chipwitikizi imalembabe tanthauzo lakale la kudana, koma mumsika ndi m'bwalo la sukulu simungalimve kawirikawiri.

Mboni yabwino ya mmene zinthu zidayendera ndi Baibulo, osati chifukwa cha chipembedzo chokha, koma chifukwa ndi buku limene lamasuliridwa mobwerezabwereza, kotero limasunga mapazi a chilankhulo monga dothi lonyowa limasungira mapazi a nyama. Pa Aroma 12:9, pamene Paulo akulangiza za kukana choipa, Baibulo la Chingerezi la King James, la mu 1611, lidagwiritsa ntchito abhor. João Ferreira de Almeida adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chipwitikizi ali kutali ku Asia, ndipo chidasindikizidwa ku Amsterdam mu 1681. Baibulo lodziwika ndi dzina lake, m'kusindikiza kotchedwa Revista e Corrigida, lili ndi aborrecer pa vesi lomwelo. Apa abale awiriwa aima phewa ndi phewa, akusenza katundu wofanana kulemera. Koma omasulira ena a pambuyo pake adawachotsa onse awiri. Kusindikiza kwa Almeida kotchedwa Revista e Atualizada, kwa mu 1959, kudaika detestar, ndipo New International Version ya mu 1978 idaika hate. Mmene ndikuonera ine, adachotsedwa pa zifukwa zotsutsana. Abhor adali atakwera kwambiri, kutali ndi khutu la munthu wamba. Aborrecer adali atatsika kwambiri, osathanso kusenza mkwiyo wa mtumwi. Buku Lopatulika lathu la mu 1922 lidangosankha mneni wa kudana, amene sadakwere kapena kutsika mpaka lero.

Pali vesi lina limene limaonetsa ngozi yake poyera. Pa Luka 14:26, pamene Chingerezi chili ndi hate, Almeida wakale uja ali ndi aborrecer, ponena za bambo ndi mayi a munthu wofuna kukhala wophunzira. Wachinyamata wa ku Lichinga womva vesili m'tchalitchi ndi khutu la lero angaganize kuti akuuzidwa kuti azikwiyitsa makolo ake. Mnzake wa ku Mangochi wowerenga King James n'kupeza abhor pa mavesi ena sangasokere chotero, koma angaime osadziwa liwulo konse. Wina akumva molakwa chifukwa liwu ndi lozolowereka, wina sakumva chifukwa liwu ndi lachilendo. Ndani mwa awiriwa ali pangozi yaikulu? Wosamvayo amafunsa, ndipo amathandizidwa. Womva molakwayo safunsa, chifukwa sadziwa kuti pali chofunsa. Akulu adanena kale za kandimverere amene adakanena za m'maluwa.

Wina angafulumire kunena kuti Chingerezi chimasunga mawu, pomwe Chipwitikizi chimawaononga. Umboni umakana chiweruzo chofulumira chotere. Taonani mneni wa Chingerezi wakuti annoy, amene lero amatanthauza kukwiyitsa pang'ono, ndendende ngati aborrecer. Muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti in odio, kunena kuti chinthu chili m'chidani. Muzu womwewo ndiwo udabala nojo ndi enojar m'Chipwitikizi, mawu amene mpaka lero amanena za nyansi zenizeni, zodzetsa mseru. Ndiye kuti pamene Chipwitikizi chidapepuza aborrecer, Chingerezi chidasunga abhor. Ndipo pamene Chingerezi chidapepuza annoy, Chipwitikizi chidasunga nojo. Chilichonse chidatenga liwu limodzi la chidani n'kupita nalo kumunda, lina n'kuliika m'nkhokwe. Chisipanishi chidachita mwina: aborrecer wake amatanthauzabe kudana, koma aburrir, wochokera kwa abhorrere weniweniyo, ndiye adasanduka kutopetsa. Palibe chilankhulo chosamala kuposa chinzake pano. Chilipo ndi chizolowezi cha anthu kulikonse: tikafuna kudandaula za kanthu kakang'ono timabwereka liwu lalikulu, ndipo likabwerekedwa kawirikawiri silibwerera ndi kulemera kwake.

Kusiyana kumene kumagwetsa ophunzira ambiri sikuli m'tanthauzo mokha, kuli m'kamangidwe ka chiganizo. Ndi abhor, mwininkhani ndi munthu amene akumva kunyansidwako, ndipo pamtherankhani ndi chinthu chonyansacho: "I abhor cruelty", ine ndi amene ndikudana ndi nkhanza. Ndi aborrecer wa lero zinthu zimatembenuka, mwininkhani ndi chinthu chovutitsacho, ndipo munthu ndiye wochitiridwa: "A chuva aborrece-me", mvula ndiyo ikundisowetsa mtendere. Mu chiganizo choyamba muvi ukuchoka mwa munthu kupita ku chinthu, mu chachiwiri muvi ukuchoka ku chinthu kudzalasa munthu. Mwana wathu uja akangosinthanitsa mawuwa osatembenuza chiganizo, adzalemba "The rain abhors me", kunena kuti mvula imanyansidwa naye. Akafuna kunena kuti watopa ndi kudikira, "estou aborrecido", n'kulemba "I am abhorred", ndiye kuti walengeza kuti anthu onse amamuda ngati chinthu chonyansa. Ndipo akafuna kunena kuti phunziro lidali losakoma, "a aula foi aborrecida", n'kulitcha abhorrent, wawaimba aphunzitsi ake mlandu woopsa umene sadaulingalire n'komwe. Mawu oyenera pamenepa ndi bored, annoyed ndi boring.

Kulakwa kobwerera kuliponso. Bungwe likalemba chikalata m'Chingerezi kuti "we abhor torture", womasulira wofulumira angaike aborrecer, ndipo wowerenga wa lero angamve ngati bungwelo langotopa ndi nkhani ya kuzunza anthu. Chipwitikizi cha lero chili ndi mawu ake a ntchito imeneyi: abominar, repudiar, detestar, kapena kunena kuti ter horror a, pamene tsemwe lija limaonekeranso. Kumasulira aborrecer ndi abhor kumakuza nkhani yaing'ono mpaka kusanduka chipongwe. Kumasulira abhor ndi aborrecer kumachepetsa nkhani yaikulu mpaka kusanduka mphwayi. Zolakwa ziwirizi ndi zofanana kukula, koma zotsatira zake zimasiyana: choyamba chimapweteka munthu amene sadalakwe, chachiwiri chimamasula munthu amene adalakwa.

Pali kusiyana kwinanso pa nkhani ya nthawi. Aborrecer ndi wa kanthawi. Amayenda bwino ndi estar, mneni wa Chipwitikizi wonena za mmene munthu alili pakali pano, ndipo mungauze mnzanu kuti "estás a aborrecer-me", ukundisowetsa mtendere pompano. Madzulo zatha, mwadyera limodzi nsima ya nyemba. Abhor ndi wokhazikika. Kawirikawiri salandira mchira wa -ing wosonyeza chinthu chochitika pakali pano, kotero "I am abhorring" samveka bwino, chifukwa liwuli silinena za mmene mwadzukira lero, limanena za mmene mulili masiku onse. Aborrecer ali ngati nkhungu ya m'mawa pa chitunda cha Lichinga, imene imayera dzuwa likakwera. Abhor ali ngati chitunda chenichenicho, chimene nkhungu imabwera n'kuchisiya pomwepo.

Tinthu ting'onoting'ono ta kalembedwe nato tili ndi kufanana ndi kusiyana kwake. Abhor salola mperekezi pakati pa iye ndi pamtherankhani. Koma Chichewa chimati kudana ndi, kunyansidwa ndi, ndipo Chipwitikizi chimati aborrecer-se com, motero zilankhulo ziwirizi zimakankhira mwana kuti alembe "abhor with", zomwe ndi zolakwika. Aperekezi amabwera pa abale ake a liwuli: abhorrent amatsatidwa ndi to, abhorrence amatsatidwa ndi of. Lembo la h Mngerezi adalisunga ndipo amalitchula. Mpwitikizi adalitaya, ndipo ngakhale pamene amalilemba salitchula. Wolankhula Chichewa akaona b ndi h atagundana amafuna kuwatchula pamodzi monga amachitira ndi ph kapena kh, koma pano pali maphatikizo awiri, ab ndi hor, ndipo mphamvu imagwera pa lachiwirilo. Lembo la r la pakati pa aborrecer ndi lapawiri nthawi zonse. M'Chingerezi ndi limodzi mu abhor ndi abhors, koma lapawiri mu abhorred ndi abhorring. Chipwitikizi nacho chili ndi msampha wake, pakuti c amasanduka ç mu aborreço. Aliyense wa abalewa amafuna kuti mumuyang'anitsitse musanamulembe.

Tikafunsa kumene aliyense amakhala, timaona bwino chimene adapindula ndi chimene adataya. Abhor amakhala m'zikalata za maboma, m'zigamulo za makhoti, m'maulaliki ndi m'nkhani za akonzi a nyuzipepala. Adalowa ngakhale m'mbiri ya ndale za ku England. Mu 1679 ndi 1680, Mfumu Charles II atachedwetsa kukumana kwa nyumba ya malamulo, anthu ena adalemba zikalata zopempha kuti aphungu aitanidwe, ena n'kulemba zosonyeza kunyansidwa kwawo ndi mapemphowo. Oyambawo adatchedwa Petitioners, achiwiriwo Abhorrers, ndipo magulu amenewa ndiwo adadzadziwika kuti Whigs ndi Tories. Aborrecer alibe mbiri ya pabwalo ngati imeneyi, koma ali ndi mbiri ya m'nyumba iliyonse. Amamveka mayi akamadzudzula mwana, mwamuna ndi mkazi akasemphana pang'ono, wodwala akatopa ndi mzere wa kuchipatala, ngakhale kuti achinyamata ambiri amakonda mnzake wakuti chatear. Woyambayo ali ngati jekete losungidwa m'sutikesi, lotulutsidwa pa maliro ndi pa mlandu wa kwa amfumu. Wachiwiriyu ali ngati chitenje cha tsiku ndi tsiku, choberekera mwana, chomangira ufa, choyala pansi. Jeketelo silinasuluke chifukwa silivalidwa; chitenjecho chidasuluka chifukwa ndi chokondedwa.

Ngakhale ku Niassa komweko zilankhulo ziwirizi zidafika ndi njira zosiyana, ndipo mwana wa lero amazilandira mosiyana. Chingerezi chidayamba kumveka ndi amishonale a Anglican a UMCA: William Percival Johnson adafika kwa Mfumu Mataka ku Mwembe mu 1880, kenako n'kugwira ntchito zaka zambiri m'mbali mwa nyanja, ndipo mishoni monga Likoma ndi Messumba zidakhala malo a sukulu ndi mabuku. Chipwitikizi chidafika ndi ulamuliro, poyamba wa Companhia do Niassa mpaka 1929, kenako wa boma lenileni, limene lidamanga Vila Cabral, mzinda umene udatchedwa Lichinga dziko litalandira ufulu mu 1975. Ufulu utabwera Chipwitikizi chidakhala chilankhulo cha boma, ndipo Chingerezi chidapezanso mphamvu pamene Mozambique idalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, pokhala dziko lozunguliridwa ndi maiko ogwiritsa ntchito Chingerezi. Motero aborrecer amafika kwa mwana wa ku Chimbonila kudzera m'khutu, iye asanadziwe kumulemba. Abhor amafika kudzera m'diso, iye asanamvepo munthu akumutchula. Mbiri yakale ija ya pakamwa ndi cholembera ikubwerezedwa m'mutu mwa mwana mmodzi.

Koma mwanayu ali ndi chuma chimene mwina sachiwerengera, ndicho chilankhulo cha kwawo. Ngati amadziwa Chinyanja, ali ndi sikelo yachitatu yoyezera mawu awiriwa. Kumbali ya aborrecer tili ndi kutopetsa, kunyong'onya, kusowetsa mtendere, ndiponso kubowa kumene achinyamata adabwereka ku Chingerezi: zandibowa, usandibowe. Kumbali ya abhor tili ndi kudana, kuipidwa ndi kunyansidwa. Thupi nalo limasiyanitsa. Munthu amene zamubowa amatsonya n'kupitiriza ulendo wake. Munthu amene wanyansidwa amalavula malovu, n'kutembenuza nkhope, ndipo mwina tsiku limenelo sadya. Kutsonya ndi aborrecer, kulavula ndi abhor. Mphunzitsi amene angafotokoze chotere sangafunike kubwereza.

Chochititsa chidwi n'chakuti mneni wathu wa kunyansa amagwira abale onse awiri dzanja. Tikati chinthu chandinyansa, kamangidwe kake ndi ka aborrecer, pakuti chinthucho ndicho mwininkhani. Tikati ndanyansidwa nacho, tatembenukira ku kamangidwe ka abhor, pakuti munthu ndiye watsogola. Pa kulemera kwake, liwuli lili pakati pa njira. Mlaliki akamanena za zonyansa pamaso pa Mulungu, lili ndi tsemwe lonse la abhor. Mtsikana akamauza mnzake kuti wandinyasa chifukwa wachedwa kubweza foni, latsikira kale kumene kuli aborrecer. Zimene zidachitikira Chipwitikizi m'zaka mazana angapo zikuchitika m'kamwa mwathu ife tikuona. Sindikunena kuti tiletse achinyamata, pakuti palibe amene adaletsapo mtsinje kusalaza mwala. Ndikungoti tidziwe kuti nafenso tili ndi liwu limene likuyenda ulendo womwewo.

Ambiri ku Chimbonila ndi Asilamu, ndipo a kumzikiti amadziwa kale kuti kuipidwa kuli ndi makwerero. M'malamulo a Chisilamu muli haramu, choletsedwa kotheratu, ndipo muli makruh, chinthu chosakondedwa chimene ndi bwino kuchipewa ngakhale wochichita salangidwa. Wosakaniza ziwirizi amalemetsa anthu pachabe, kapena amawapeputsira chimene sichiyenera kupeputsidwa. Nzeru yomweyo ndiyo ikufunika pa mawu athu awiriwa. Chingerezi chili ndi makwerero ake, kuyambira dislike, kukwera ku hate, kufika ku detest ndi loathe, ndipo abhor ali pafupi ndi nsonga, pamene chidani chakumana ndi chikumbumtima. Chipwitikizi chili ndi ake, ndipo aborrecer ali pa mapondero a m'munsi, odiar ndi abominar ali kumwamba. Kudziwa liwu ndi kudziwa pondero lake.

Tsopano tingafunse kuti ndani mwa awiriwa zidamuyendera bwino. Wina anganene kuti abhor, chifukwa akalankhula anthu amakhala chete. Koma kulemera kwake komweko kumamuchititsa kukhala chida cha anthu ofuna kuoneka olungama osachita kanthu. Chikalata chingathe kunena kuti chimachita abhor ziphuphu pamene wochisainayo walandira kale za m'thumba. Liwu lolemera likakhala m'kamwa mopepuka limabisa zambiri. Wina anganene kuti aborrecer, chifukwa ndi wamoyo, wothandiza tsiku lililonse. Ndipo ntchito yake si yaing'ono: amalola munthu kunena kuti wakhumudwa popanda kulengeza udani, amasiya chitseko chotsekula kuti abale agwirizanenso. Koma adalipira mtengo wake, pakuti tsiku la choipa chachikulu likafika iye alibenso mawu, ayenera kuitana ena kuti amulankhulire. Mudzi wokhala ndi abhor yekha ungakhale wa anthu osakhululukirana, chifukwa kalikonse kangakhale mlandu wa imfa. Mudzi wokhala ndi aborrecer yekha ungakhale wa anthu osadzidzimuka, chifukwa ngakhale magazi angangowatsonyetsa.

Nkhani imeneyi si ya m'kalasi mokha kwa anthu a ku Niassa. Chigawochi chidaona nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1964, n'kuonanso nkhondo yapachiweniweni imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi atathawira ku Malawi. Amene adabwerera adakhalanso m'midzi imodzi ndi anthu amene adali mbali inayo. Kuti zimenezi zitheke padafunika luso limene mawu awiriwa amaphunzitsa, la kusiyanitsa chochitika ndi wochichita. Abhor amagwira bwino ntchito akaloza khalidwe: kuotcha nyumba, kuba ana, kukwatiwitsa mtsikana wosakhwima, mchitidwe umene dziko la Mozambique lidaukhazikitsira lamulo louletsa mu 2019. Akaloza munthu, kapena mtundu wa anthu, amasanduka mbewu ya nkhondo ina. Aborrecer amagwira bwino ntchito akaloza munthu wapafupi, chifukwa mkwiyo wake umatha. Akaloza choipa chachikulu amasanduka chowiringula cha osafuna kuchitapo kanthu. Mmodzi ndi woyenera ntchito zoipa, winayo ndi woyenera anansi ovuta, ndipo tsoka limayamba tikawasinthanitsa malo, n'kumanyansidwa ndi mnansi pamene choipa tikungochitsonyera.

Tibwerere kwa mwana uja ndi zala zake zozizira. Sindingamuuze kuti aiwale chibale chimene waona, pakuti diso lomwelo lidzamuthandiza pa mawu mazana ambiri amene Chingerezi ndi Chipwitikizi zidagawana kuchokera ku Chilatini. Ndingangomupempha kuti akaona nkhope yodziwika afunse kaye kumene mwini nkhopeyo adakulira. Kenako alembe ziganizo ziwiri m'kope lake, chimodzi pansi pa chinzake. Choyamba chinene za chinthu chimene chamutopetsa sabata ino, kaya ndi fumbi la mumsewu kapena mng'ono wake wosamva, ndipo agwiritse ntchito aborrecer. Chachiwiri chinene za chinthu chimene sangachivomereze ngakhale atakalamba, ndipo agwiritse ntchito abhor. Choyambacho adzachimaliza belu lisanalire, ndipo sabata yamawa adzalemba china. Chachiwiricho chidzamutengera nthawi, mwina adzapita nacho kunyumba kukafunsa agogo ake zimene adaona, chifukwa asanalembe liwulo ayenera kudziwa kaye chimene mtima wake umakana.